Kulemekeza Chikhulupiriro cha Ena: Mafunso ndi Mayankho

Akhristu padziko lonse amapitirira 2 biliyoni, Asilamu ali pafupifupi 2 biliyoni, Ahindu amapitirira 1 biliyoni. Palinso Abuda, Ayuda, Asikhi, otsata zipembedzo za makolo ndi ena osapembedza konse. Choncho wopembedza mosiyana nanu mudzakumana naye basi, kaya kuntchito, kusukulu, pamaliro kapena m'banja mwanu momwe. Nawa mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri.

Ndikalemekeza chipembedzo cha mnzanga, kodi ndiye kuti ndavomereza kuti n'choona?

Ayi. Mkhristu amakhulupirira kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu, anafa pamtanda ndipo anauka. Msilamu amamulemekeza Yesu monga mneneri wamkulu, koma amakana kuti ndi Mwana wa Mulungu ndiponso kuti anapachikidwa. Awiriwa sagwirizana, ndipo palibe chifukwa chonamizira kuti akugwirizana. Amene amati "zipembedzo zonse n'chimodzimodzi" amaganiza kuti akuyanjanitsa anthu, koma kwa munthu amene amasala kudya mwezi wathunthu, kapena amene anakanidwa ndi abale chifukwa cha ubatizo, mawu amenewa amamveka ngati akumuuza kuti anavutikira zachabe.

Chimene mumalemekeza ndi munthuyo pamodzi ndi ufulu wake wotsata chikumbumtima chake. Chikalata cha ufulu wachibadwidwe chimene bungwe la United Nations linavomereza mu 1948, pa ndime 18, chimati munthu aliyense ali ndi ufulu wa chipembedzo, wosintha chipembedzocho, komanso wochionetsa payekha kapena pagulu. Pa moyo wa tsiku ndi tsiku zimenezi n'zosavuta kuzimva: musamunamize za chakudya, musamukakamize kuchita nawo mwambo, ndipo zimene amaziona zopatulika musazichite nthabwala.

Baibulo limati chiyani? Si paja limaphunzitsa kuti njira ndi imodzi?

Limaterodi, pa Yohane 14:6 ndi pa Machitidwe 4:12. Koma Baibulo lomwelo limanenanso za kalankhulidwe. Pa 1 Petro 3:15-16 Mkhristu akuuzidwa kukhala wokonzeka kuyankha aliyense womufunsa za chiyembekezo chake, koma mofatsa ndi mwaulemu. Pa Aroma 12:18 Paulo akuti ngati n'kotheka, kumbali yanu, khalani mwamtendere ndi anthu onse, osati Akhristu okha.

Onani mmene Paulo anachitira ku Atene pa Machitidwe 17. Mtima unamuwawa poona mafano ali mbwee mumzindamo, koma atayamba kulankhula anawauza kuti akuona kuti ndi anthu okonda kupembedza. Anatchula guwa lawo la "mulungu wosadziwika", natchulanso mawu a alakatuli awo omwe. Ndiye kuti anali atayenda, ataona, atawerenga. Ku Efeso kutabuka chipolowe, mlembi wa mzinda anaikira umboni anzake a Paulo kuti sanabe za m'kachisi kapena kuchitira mwano mulungu wawo wamkazi (Machitidwe 19:37). Uthenga wa Paulo unagwedeza malonda a mafano mumzindamo popanda kutukwana.

Pa Luka 9, mudzi wina wa Asamariya utakana kulandira Yesu, Yakobo ndi Yohane anafuna kuitanitsa moto kumwamba. Yesu anawadzudzula, ndipo anangopita kumudzi wina. M'mutu wotsatira, munthu wachitsanzo m'fanizo lake ndi Msamariya, wa mtundu umene Ayuda ankati umapembedza molakwika.

Mipingo nayo inalankhulapo. Mu 1965 Mpingo wa Katolika, pa msonkhano wachiwiri wa Vatican, unatulutsa chikalata cha Nostra Aetate, chonena kuti sukana chilichonse choona ndi choyera chopezeka m'zipembedzo zina. Mu 2011 bungwe la World Council of Churches, ofesi ya ku Vatican yoona za ubale ndi zipembedzo zina, ndi World Evangelical Alliance anagwirizana pa malangizo a kalalikidwe, oletsa chinyengo, kukakamiza ndi kukopa anthu ndi mphatso.

Nanga zipembedzo zina zimaphunzitsa chiyani pa nkhaniyi?

Korani, pa sura 2 ndime 256, imati palibe kukakamiza m'chipembedzo. Pa sura 6 ndime 108 imaletsa Asilamu kutukwana zimene ena amapembedza, kuopa kuti nawonso angatukwane Mulungu mwa umbuli. Pa sura 29 ndime 46 imati kukangana ndi anthu a Buku, kutanthauza Ayuda ndi Akhristu, kuzichitika mwa njira yabwino koposa. Asilamu amakumbukiranso kuti cha m'ma 615, pamene ankazunzidwa ku Mecca, ena mwa iwo anathawira ku Abyssinia (Ethiopia wa masiku ano), kumene mfumu yachikhristu inawasunga.

Mphunzitsi wachiyuda Hillel anafupikitsa chilamulo chonse ponena kuti chimene umadana nacho usachitire mnzako. Confucius ku China ananena zofanana, ndipo Akhristu amazipeza pa Mateyu 7:12. Mfumu Ashoka ya ku India, imene inatsata Chibuda zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, inalembetsa pamiyala kuti wotamanda chipembedzo chake ponyoza cha ena amawononga chake chomwe. Asikhi ali ndi khitchini m'kachisi wawo, mmene aliyense amadya kwaulere atakhala pansi mofanana, osafunsidwa chipembedzo.

Tisanamizane, zolembedwazi n'zabwino kuposa mmene anthu akhala akuchitira. Akatolika ndi Apulotesitanti anaphana ku Ulaya pa nkhondo ya zaka 30, kuyambira 1618 mpaka 1648. Mpaka pano kuli mayiko amene amalanga munthu chifukwa chosiya chipembedzo. Koma mukapeza munthu wachipongwe, dziwani kuti m'chipembedzo chake chomwecho muli chiphunzitso chomutsutsa.

Kodi ndileke kulalikira kuti ndisakhumudwitse anthu?

Simukuyenera kuleka. Chikhristu ndi Chisilamu zonse zimalamula otsatira ake kuitana ena, ndipo ufulu wa chipembedzo umaphatikiza zimenezo. Vuto limakhala pa kachitidwe.

Yambani ndi kupempha: "Ndingakuuzeniko zimene ndimakhulupirira?" Akati ayi, nkhani yathera pomwepo. Akalola, nanunso mukhale okonzeka kumva zake kwa nthawi yofanana. Fotokozani chikhulupiriro chanu m'malo mofotokoza zolakwika za chake, chifukwa chake amachidziwa kuposa inu. Ndipo musayerekeze chiphunzitso chabwino kwambiri cha kwanu ndi khalidwe loipa kwambiri la kwawo. Chinyengo chimenechi mbali zonse zimachichita.

Pamene pamaipa kwambiri ndi pamene wolalikirayo ali ndi mphamvu pa womverayo: bwana kwa wantchito, mphunzitsi kwa wophunzira, namwino kwa wodwala, wogawa chithandizo kwa wanjala. Munthu amene akuopa kuchotsedwa ntchito amavomera chilichonse, ndipo kuvomera kwakeko sikutembenuka mtima. Ngati mukugawa chakudya kapena mankhwala, gawani kaye kwa onse. Mapemphero akhale pambali, kwa ofuna okha. Ana a eni musawatengere ku mapemphero kapena kuwabatiza makolo awo asakudziwa.

Ndi mawu ati amene amapweteka ngakhale wolankhulayo sanafune?

"Akunja", "akafiri", "opembedza mafano", "kagulu kampatuko". Mawu awa ali ndi malo ake m'mabuku a chiphunzitso, koma poitanira munthu amakhala chitonzo. Tchulani anthu ndi dzina limene amadzitchula okha. Atsogoleri awo muwatchule ndi udindo wawo, monga shehe, abusa, bambo mfumu kapena rabi, ngakhale simuli pansi pawo. Pewaninso kufunsa munthu mmodzi kuti ayankhire zoipa zimene ena a chipembedzo chake anachita kutali. Pa intaneti, chithunzi choseketsa chonyoza mneneri kapena buku loyera musachitumize kwa ena, ngakhale mutalemba kuti mukungoonetsa.

Ndaitana alendo a chipembedzo china. Ndiphike bwanji?

Safunsa anadya phula. Funsani masiku angapo chakudyacho chisanafike: "Pali zimene simudya?" Anthu a chipembedzo chimodzi amasiyana pa kasungidwe ka malamulo, ndiye musangoganiza.

Asilamu sadya nkhumba ndi chilichonse chochokera ku nkhumba, magazi, nyama yofa yokha, ndiponso samwa mowa. Nyama ya ng'ombe, mbuzi kapena nkhuku iyenera kuzingidwa mwa lamulo lawo, potchula dzina la Mulungu ndi kukhetsa magazi. Nyama yotere ndi imene imatchedwa halal. Ngati simungaipeze, nsomba, mazira ndi ndiwo zamasamba zimakupulumutsani. Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi pa zinthu zobisika: mafuta a nkhumba okazingira, soseji yosakaniza, gelatin wa m'maswiti ndi m'zakudya zina zotsekemera, ndi vinyo wothira mu msuzi kapena mu keke. Kuchotsa nthuli ya nkhumba mumphika sikuyeretsa msuziwo. Tsukani bwino poto, mpeni ndi thabwa lodulirapo, ndipo mphika uliwonse ukhale ndi chipande chake. Powotcha nyama, ya halal muiwotche poyamba kapena pa waya wake.

Ayuda osunga malamulo sadya nkhumba, sasakaniza nyama ndi mkaka kapena batala, ndipo za m'madzi amadya zokhala ndi mamba ndi zipsepse zokha. Ena sadya n'komwe chophikidwa m'khitchini yosatsata malamulowa. Musakhumudwe, apatseni zipatso zosadula kapena chakudya chogula chosatsegula. A Seventh-day Adventist nawonso sadya nkhumba ndi nsomba zopanda mamba, samwa mowa, ndipo ambiri amapewa khofi. Ahindu sadya ng'ombe, ndipo ambiri sadya nyama iliyonse, ena ngakhale mazira. Akatolika sadya nyama Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu lililonse la Lenti.

Paphwando la anthu ambiri, ikani kapepala pa mbale iliyonse kosonyeza zimene zilimo.

Kodi Mkhristu angadye nyama ya halal kapena chakudya cha pa chikondwerero cha ena?

Akhristu ambiri amadya popanda vuto, potsatira 1 Akorinto 10:25-27, pamene Paulo akuti idyani zogulitsidwa pamsika ndi zimene wosakhulupirira wakuikirani, osafunsafunsa. Ndime yotsatira ikuti wina akakuuzani kuti chakudyacho chinaperekedwa nsembe, musadye. Ena chikumbumtima chawo sichiwalola, ndipo Aroma 14 amaletsa mbali ziwirizi kunyozana. Ngati simudya, thokozani, nenani mwachidule kuti chikhulupiriro chanu sichikulolani, ndipo landirani china chimene mungathe, ngakhale madzi.

Ndaitanidwa ku nyumba yawo yopemphereramo. Ndikachite chiyani, ndipo ndisakachite chiyani?

Valani zofika m'mawondo kapena kupitirira, zophimba mapewa, ndipo zimitsani foni. Kumzikiti vulani nsapato pakhomo. Amayi atenge mpango wakumutu, ndipo adziwe kuti kawirikawiri amuna ndi akazi amakhala malo osiyana. Musadutse kutsogolo kwa munthu amene akuswali, zungulirani kumbuyo. Korani musaiike pansi, ndipo ya Chiarabu musaigwire musanafunse. Kusunagoge amuna amavala kachipewa kumutu, ndipo pa Sabata musajambule kapena kulemba. Kukachisi wa Asikhi aliyense amavula nsapato ndi kuphimba kumutu, ndipo fodya salowa. Kukachisi wa Abuda musakhale motambalala mapazi ataloza chifaniziro cha Buddha.

Kutchalitchi, nkhani yovuta ndi mgonero. Mu Mpingo wa Katolika ndi wa Orthodox mlendo salandira, amangokhala pampando. Mipingo ina imalola Mkhristu aliyense wobatizidwa, ina mamembala ake okha. Funsani amene wakuitanani mapemphero asanayambe.

Mlendo sakakamizidwa kugwada, kuwerama, kuyimba kapena kunena mawu a chikhulupiriro. Ena akaimirira imirirani, akagwada inu khalani chete pampando. Pa moni, dziwani kuti kwa Asilamu ena ndi Ayuda ena, mwamuna sagwirana chanza ndi mkazi. Dikirani kuti iwo atambasule dzanja. Akapanda kutero, kuika dzanja pachifuwa ndi kuweramitsa mutu pang'ono n'kokwanira.

Pamsonkhano wa anthu osiyana zipembedzo, tipemphere bwanji?

Pemphero losakaniza, lochotsa dzina la Yesu kuti Msilamu asadandaule ndi kuchotsanso zonse zachisilamu kuti Mkhristu asadandaule, nthawi zambiri silikhutiritsa aliyense. Pamene Papa John Paul II anaitana atsogoleri a zipembedzo ku Assisi, m'dziko la Italy, mu 1986, gulu lililonse linapemphera mwa njira yake, ena akumvetsera mwaulemu. Njira imeneyi imathekanso pamsonkhano waung'ono: wina atsegule mwa chikhulupiriro chake, wina atseke mwa chake, kapena muzisinthana misonkhano. Kukhala chete mphindi imodzi kumakwanira onse, ngakhale osapembedza. Musaloze munthu mwadzidzidzi kuti "tipempherereni". Mufunseni pambali msonkhano usanayambe.

Ndine woyang'anira antchito. Ndikonze bwanji nthawi?

Asilamu amaswali kasanu patsiku, ndipo kawirikawiri swala ziwiri, ya masana ndi ya chakumadzulo, ndi zimene zimagwera m'nthawi ya ntchito. Iliyonse imatenga mphindi 5 mpaka 10, kuwonjezapo kusamba m'manja, kumaso ndi mapazi. Chofunika ndi malo aukhondo ndi madzi. Lachisanu masana amuna amapita kumzikiti, ndiye muwerengere ola limodzi kapena kupitirirapo malinga ndi mtunda. Ramadani imatenga masiku 29 kapena 30, ndipo chaka chilichonse imabwera msanga ndi masiku 10 kapena 11, choncho kalendala ya chaka chatha singakuthandizeni. Osala sadya kapena kumwa ngakhale madzi kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Ntchito yolemetsa ndi misonkhano yofunika muziike m'mawa. Tsiku la Eid limadalira kuoneka kwa mwezi, ndiye wantchito sangakuuzeni tsiku lenileni kudakali milungu. Mpatseni masiku awiri oti adzasankhepo.

Sabata ya Ayuda ndi ya a Seventh-day Adventist imayamba Lachisanu dzuwa likalowa n'kutha Loweruka dzuwa likalowa. Ambiri amaiwala za Lachisanu madzulo, n'kuika mayeso kapena shifiti nthawi imeneyo. Mboni za Yehova sizichita nawo Khrisimasi kapena maphwando a tsiku lobadwa, ndiye musawalembe pa mndandanda wa osonkha popanda kuwafunsa.

Njira yosabweretsa nsanje ndi kufunsa antchito onse kumayambiriro kwa chaka masiku amene adzafune, n'kulola kusinthana mashifiti. Wosunga Sabata agwire Lamlungu, Msilamu agwire pa Khrisimasi. Mukapatsa gulu limodzi lokha, ena amayamba kung'ung'udza ndipo mkwiyo umagwera wopembedzayo.

Pamaliro a munthu wa chipembedzo china?

Asilamu ndi Ayuda amaika maliro mwamsanga, kawirikawiri tsiku lomwelo kapena lotsatira, choncho mukamva uthenga musazengereze. Kwa Asilamu thupi limasambitsidwa ndi amuna ngati womwalirayo ndi mwamuna, akazi ngati ndi mkazi, limakulungidwa m'nsalu yoyera, ndipo swala ya maliro ndi yaifupi, yopemphera choimirira. Musapemphe kuona nkhope ngati eni ake sanakuitaneni. Ayuda amakhala pa chisoni kunyumba masiku 7, ndipo maluwa sali m'mwambo wawo. Ahindu ambiri amawotcha thupi, ndipo olira amavala zoyera.

Mukapatsidwa mpata wolankhula, nenani za moyo wa malemuyo. Maliro si malo ouza amasiye kumene mukuganiza kuti m'bale wawo wapita. Banja likakhala la zipembedzo ziwiri, mwambo utsate chikhulupiriro cha womwalirayo, ndipo mbali inayo ipatsidwe nthawi yake yopemphera kunyumba. Mikangano yambiri imabuka chifukwa malemu sananene. Munthu amene anasintha chipembedzo alembe zofuna zake ndi kuuza anthu awiri, mmodzi wa kubanja, wina wa kumene amapemphera.

Tikufuna kukwatirana koma ndife osiyana zipembedzo. N'zotheka?

Zimatheka, koma dziwani malamulo a mbali zonse musanalengeze tsiku. Mkatolika wofuna kukwatirana ndi munthu wosabatizidwa amafunika chilolezo chapadera cha episkopi, ndipo amalonjeza kuchita zonse zotheka kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa m'Chikatolika. Mnzakeyo salonjeza, koma ayenera kuuzidwa za lonjezolo. M'Chisilamu mwamuna amaloledwa kukwatira mkazi wachikhristu kapena wachiyuda, koma akatswiri ambiri a malamulo awo salola mkazi wachisilamu kukwatiwa ndi amene si Msilamu. Mipingo yambiri ya chipulotesitanti imaletsa kapena kuchenjeza potengera 2 Akorinto 6:14, ngakhale 1 Akorinto 7:12-14 imauza amene ali kale m'banja lotere kuti asalekane ngati mnzawoyo akulola kukhala nawo.

Chikondi chimaphimba mafunso amene amadzavuta mwana woyamba akabadwa. Kambiranani tsopano: mwana adzapatsidwa dzina lotani, adzabatizidwa kapena ayi, adzaphunzira chipembedzo kuti, m'khitchini mudzalowa chiyani, chakhumi kapena zakaat zidzachokera m'thumba liti, mitala ili m'maganizo a wina kapena ayi, ndipo aliyense adzaikidwa mwa mwambo uti. Choopsa kwambiri ndi kulowa m'banja mukuganiza mumtima kuti "adzatembenuka". Kutembenuka kongofuna kuti ukwati uchitike nakonso kumabweretsa madandaulo pakapita zaka.

Mwana wanga wamkulu walowa chipembedzo china. Nditani?

Kumva kuwawa n'kwachibadwa, ndipo mukhoza kumuuza kuti zakupwetekani. Mufunseni chimene chamukopa, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Kumuthamangitsa, kumulanda fizi kapena kumuchotsa pa chuma cha banja sikubweza munthu. Kumangomutsimikizira kuti achibale ake enieni ndi atsopanowo. Chimene muyenera kuchiyang'anitsitsa ndi khalidwe la gululo: ngati likumuletsa kuonana ndi abale, kumulanda ndalama, kumusiyitsa sukulu kapena mankhwala, imeneyo ndi nkhani ya chitetezo. Iyenso ali ndi mbali yake: asanyoze mapemphero a m'nyumba imene anakuliramo kapena kutaya zinthu zopatulika za makolo ake.

Nanga osapembedza, ndi otsata zipembedzo za makolo?

Ulemu ndi womwewo. Komiti ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inafotokoza mu 1993 kuti ufulu wa chipembedzo umatetezanso osakhulupirira Mulungu. Musaganize kuti wosapembedza alibe khalidwe, ndipo iyenso asatenge opembedza ngati anthu osaganiza. Otsata zipembedzo za makolo, kaya ku Africa, ku America kapena ku Australia, ndi amene amanyozedwa kwambiri, chifukwa anthu amasokoneza kupembedza kwawo ndi ufiti. Malo awo opatulika akhoza kukhala phiri, mtengo, dziwe kapena manda, opanda khoma kapena chikwangwani. Musalowe, kujambula kapena kutolapo kanthu osapempha kwa osunga malowo.

Kodi ulemu uli ndi malire?

Ulipo. Pangano la mayiko la 1966 la ufulu wa anthu limalola boma kuchepetsa kaonetsedwe ka chipembedzo pofuna kuteteza moyo, thanzi, bata ndi ufulu wa ena. Kukwatitsa mwana wamng'ono, kumenya munthu pomuganizira ufiti, kugwiririra m'dzina la kuchiritsa, kapena kuuza wodwala kuti ataye mankhwala, zonsezi muyenera kuzitsutsa ndi kukanena kwa apolisi kapena oteteza ana, ngakhale wochitayo ndi mtsogoleri wa mpingo wanu womwe.

Munthu wamkulu wa nzeru zake ali ndi ufulu wosankha za thupi lake. Wa Mboni za Yehova akakana kuthiridwa magazi, dokotala amamufotokozera zotsatira zake, makamaka ali yekha kuti pasakhale womuumiriza, n'kufufuza njira zina. Kwa mwana nkhani imasintha, ndipo m'mayiko ambiri makhoti amalola madokotala kupulumutsa moyo wake makolo atakana. Wodwala shuga wofuna kusala pa Ramadani aonane ndi dokotala mwezi usanayambe, ndipo akumbutsidwe kuti Korani yomweyo, pa sura 2 ndime 185, imalola wodwala kudzabweza masikuwo nthawi ina.

Ndalakwitsa mosadziwa. Ndikonze bwanji?

Nenani msanga ndipo mwachidule: "Pepani, sindimadziwa. Ndiuzeni zoyenera." Musayambe kufotokoza kuti lamulo lawolo ndi lovuta kapena kuti mnzawo wina sasamala zimenezo. Mukazindikira kuti m'chakudya chimene mwapereka munali choletsedwa, muuzeni nthawi yomweyo ngakhale wadya kale theka. M'Chisilamu, mwachitsanzo, wodya choletsedwa mosadziwa alibe tchimo, ndiye amangosiya n'kutsuka m'kamwa. Akadzamva kwa wina kuti inu munadziwa koma munabisa, zidzamuvuta kudyanso m'nyumba mwanu.